Nsalu ya Mama NyaLongwe Siyenda Yokha

Mama NyaLongwe ankayenda ndi shuga m'chikwama tsiku ndi tsiku, chonsecho tiyi ankamwa wopanda shuga. Osawadziwa ankati ndi kuumira. Ife a m'shopu yosoka ya ku Zolozolo tinkadziwa kuti shuga ameneyo anali mwana: paketi imodzi ndi theka, zosokeredwa m'kansalu kofewa, kumutu kachipewa koluka, kumapazi timasokosi tofiira. Dzina lake anali Wongani. Ukangoyerekeza kumutchula kuti chidole, tsiku limenelo sunkamwa nawo tiyi.

Sabata ino chatha chaka chiwaikireni m'manda. Ndinkayesa kuti ndidzalemba izi ndikupukuta misozi, koma zakanika. M'mawa uno foni yanga yalira, ndipo nditatsegula ndapeza chithunzi chochokera ku Chitipa: amayi ndandanda pakhonde la chipatala chaching'ono, aliyense atamanga nsalu yathu pachifuwa, Wongani ali m'manja mwa mphunzitsi wawo. Ndakuwa mpaka anzanga aimitsa makina poganiza kuti ndadzibaya ndi singano. Ku Chitipa, anthu inu! Nsalu imene inayambira kuseri kwa kalendala! Ndiye mundikhululukire ngati nkhani ya munthu womwalira ndikuikamba ndikuseka. Mwini wakeyo akanandikalipira ndikanaikamba mosisima.

Ine ndine Nachisale, telala wa ku Ntcheu amene ndinatsatira mwamuna ku Mzuzu n'kukhazikika. Za ine zikwane pomwepo. Mama anandipeza pakhonde la sitolo ndikufupikitsa thalauza la munthu. Anaima patsogolo panga atatchena ngati akupita ku ukwati, nsapato zikuwala ngakhale kunja kunali matope. Mukuwadziwa anthu a ku Nkhata Bay: kugona ndi njala atha, koma kutuluka ndi malaya osasita ayi. Anali atangopuma pantchito ya uzamba, atatha zaka zambirimbiri m'wodi ya ana obadwa masiku asanakwane. Anatulutsa tsamba la kalendala, kuseri kwake atajambula chinthu chimene ine ndinachiona ngati kabudula wa zingwe.

"Monire, mama. Mungasoke ichi?"

"Chimenechi n'chiyani?"

"Ndafunsa ngati mungasoke. Zoti n'chiyani mudzadziwa mukasoka bwino."

Ndinasoka kasanu, iwo anaphwasula kasanu. Ulendo wachisanu ndi chimodzi anatulutsa Wongani, n'kundiuza kuti ndivule juzi pakhonde pomwepo, anthu akudutsa. Umu ndi mmene ndinayambira ntchito imene ndikugwira mpaka lero.

Mdani wamkulu wa mwana wobadwa masiku asanakwane, ankatero Mama, ndi kuzizira, ndipo kuno ku Mzuzu kuzizira sitichita kuitanitsa. Kathupi kake sikatha kusunga kutentha. Chomupulumutsa ndi thupi la munthu wina. Khanda limavala thewera, chipewa ndi masokosi basi, n'kuliika choimirira pakati pa mabere, khungu kukhudza khungu, mutu utatembenukira kumbali kuti lizipuma bwino, usana ndi usiku. Achipatala amaitcha njira ya kangaru, ndipo amaphunzitsa amayi asanawatulutse. Vuto limene Mama analiona linali kunyumba. Chitenje wamba chimamasuka, mayi wa bala la opaleshoni satha kudzimanga yekha, manja amatopa kugwirizira, ndipo pofika tsiku lachitatu mwana wagonekedwa pabedi. Nsalu yawo inali ndi kathumba kokhazikamo miyendo, lamba wofewa wochirikiza mutu m'munsi mwa khutu, ndi mfundo ya m'mbali imene mayi amamanga yekha n'kutsamira osapwetekedwa kumsana. M'mphepete monse tinkadutsitsamo ulusi wofiira.

Titapeza kachipinda kathu, Mama anaika mpando wawo pakhomo penipeni, moti wolowa ndi wotuluka ankachita kupendekeka kuti adutse. Pamenepo ndiye panali pa kasitomu, ngati pamalire a dziko. Palibe nsalu inkatuluka wogula asanamange Wongani pachifuwa katatu, iwo akuyang'ana. Azibambo otumidwa ndi akazi awo ndiwo ankaona zakuda. Munthu wabwera mothamanga, njinga waisiya panja, akungofuna alandire kaphukusi azipita, ndiye akumva, "Adada, vulani shati." Ena ankakwiya n'kutuluka. Mama sankawathamangira. Ankangoti abwerera, poti mwana ndi wawo, ndipo ambiri ankabwereradi.

Anali ndi zonena zawo zimene tinazimva mpaka tinaziloweza. Ankati nsalu ndi nsalu basi, moto uli mwa munthu. Ankati kumsana ndi kwa mwana amene wafika, koma amene akadali m'njira malo ake ndi pachifuwa. Akakwiya ankayankhula Chitonga chothamanga chimene palibe ankachimva, ndipo mwina n'chifukwa chake tinakhalitsana. Akasangalala kwenikweni sankati yewo chomene ngati wina aliyense mumzinda muno. Ankabwerera ku Chitonga cha kwawo n'kuthokoza kuti yewu ukongwa. Pa zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito, mawu amenewo ndinawamva kosakwana kasanu.

Nkhani ya pulogalamu ina ya maphunziro anabwera nayo okha, atamva kwa mnzawo wa kumpingo. Bungwe lina linkafuna mabizinesi ang'onoang'ono amene cholinga chawo si phindu lokha koma kuthandiza anthu pa zaumoyo. Osankhidwa akaphunzitsidwa miyezi ingapo, aliyense apatsidwa mlangizi wake, ndipo pomaliza akaima pamaso pa oweruza kwa mphindi zisanu. Amene akhutiritse oweruzawo athandizidwa kufikitsa ntchito yawo m'maboma ena. Achinyamata ankaitcha akiselereta. Mama anati galimoto ya akiselereta yokha yopanda mabuleki iwo sakwera, koma fomu analemba tsiku lomwelo, ndi cholembera chawo cha inki ya buluu.

Tinasankhidwa! Tsiku loyamba ku Luwinga, mlonda wa pageti anawafunsa ngati akufunafuna mdzukulu wawo wa ku yunivesite. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kumuonetsa kalata. Mkati munali anyamata ndi atsikana okhaokha, aliyense ndi laputopu, chizungu chikutuluka m'mphuno. Ine ndinafuna kukhala kumbuyo. Iwo anandikoka mpaka mzere woyamba, anatulutsa kope ndi rula, n'kukhazika Wongani patebulo.

Musaganize kuti anapita kumeneko kukanyoza. Anakonda sukulu imeneyo kuposa ana onse aja. Ankafika woyamba, ankakweza dzanja pa chilichonse, ndipo mafunso awo ankaluma. Mnyamata wina anali ndi njira yokumbutsa odwala kumwa mankhwala kudzera pa foni. Mama anamufunsa kuti nanga foniyo ikakhala m'thumba la bambo, bamboyo ali ku bawo, uthenga aumva ndani? Holo yonse inaseka, koma mnyamatayo anakasintha zinthu zake, ndipo sabata yotsatira anawabweretsera nthochi. Potuluka m'kalasi ankandigwira mkono m'minibasi, maso akuwala, akundifotokozera zimene ndamva ndekha ndili pambali pawo.

Mlangizi wathu anali a Gondwe, bambo wa zaka makumi atatu ndi mphambu zingapo, waulemu, wa magalasi, woyenda mothamanga nthawi zonse. Ndiwayamike pano, chifukwa pambuyo pake ndiwanena. Asanabwere iwo, miyeso yonse ya nsalu inali m'mutu mwa Mama, ndipo ankayeza ndi chikhatho. A Gondwe anaumirira kuti tidule mapatani a katoni, masaizi atatu, kuti telala aliyense athe kusoka chimodzimodzi. Mama anakana sabata yathunthu, kenako anayamba kuonetsa alendo mapataniwo ngati nzeru yawo. A Gondwe ndiwo anatithandiza kulembetsa bizinesi, anatitengera nsalu kwa akuluakulu a zaumoyo kuti aiunike, anatipezera wogulitsa nsalu yofewa yosasuluka. Makina anachoka pa awiri kufika pa asanu ndi limodzi. Shopu yathu inayamba kulira ngati chigayo.

Chimene anasemphana ndi Mama chinali mpando uja. Tsiku lina a Gondwe anaima pakhomo, akuyang'ana mulu wa nsalu zosokedwa kale ndi bambo mmodzi amene ankalimbana ndi Wongani.

"Mama, mundikhululukire chomene, koma chotchinga bizinesi iyi ndinu. Munthu mmodzi, mpando umodzi, ola lathunthu pa kasitomala. Ku Karonga mudzakhalako? Ku Rumphi? Tisindikize kapepala ka zithunzi, tiike m'pulasitiki pamodzi ndi nsalu, zipite m'masitolo."

"Yayi, mwana wane."

"Chifukwa?"

"Pepala lilibe maso. Silingaone kuti munthu wamanga molakwa."

Ine ndinali kumbali ya a Gondwe, ndisaname. Ndinkaona mulu uja, ndinkaganiza za makanda a kutali amene sadzafika ku Zolozolo, ndipo mumtima ndinkati mayi awa akukonda mpando wawo kuposa ana.

Ndidumphe kaye ndifike kumapeto, chifukwa mkangano wanga womaliza ndi Mama unali wa ulusi. Anali atadwala kale miyezi, ali gone kunyumba, mawu atachepa. Ankaumirira kuti tiziwabweretsera nsalu imodzi pa mulu uliwonse, aikoke mfundo ndi manja awo. Sabata ina ulusi wofiira unasowa m'tauni, ine n'kugwiritsa wina wofiirira moderako. Anaiyang'ana, anaitembenuza, n'kundibwezera.

"Phwasulani, aNachisale."

"Mama, ulusi ndi ulusi. Mwana sadziwa mtundu."

"Mwana sadziwa, enya. Koma ine ku Chiputula ndinaona chiyani?"

Ndinatenga nsalu ija n'kukaiphwasula, chifukwa za ku Chiputula zinali mlandu wanga.

Zinachitika chonchi. Pakati pa maphunziro aja, Mama anapita kwawo ku maliro a mchemwali wawo, n'kukhala masabata atatu. Iwo kulibe, a Gondwe anabwera ndi timapepala tosindikizidwa bwino, ta zithunzi zokongola, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ine ndinavomera. Tinalongedza nsalu m'mapulasitiki n'kuzipereka m'masitolo a mankhwala ndi a zovala za ana. Zinayenda ngati mandasi otentha. A Gondwe anajambula mzere wa malonda wokwera phiri woti tikaonetse oweruza, ndipo ine ndinkayenda ngati ndakwezedwa pantchito. Mama atabwerera, ndinkangoti ndiwauza mawa.

Mawa lake silinafike. M'mawa wina wa mwezi wa Juni, chifunga chili phaa, kamvula kakuwaza, tinakwera njinga za sakaramento, zija za kabaza, kupita ku Chiputula kwa mayi amene ankatilukira tizipewa. Iwo patsogolo, ine pambuyo. Tikudutsa pa mpopi wa madzi ndinangoona Mama atsika njinga isanaime, munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, nsapato zowala zija thi m'matope. Pamzere wa zidebe panali gogo wina atavala juzi lalikulu. Kumsana kwake, pamwamba pa juzilo, panali nsalu ya ulusi wofiira, yomangidwa bwinobwino ngati mbereko. Pamwamba pake pankaoneka kamutu kakang'ono ngati lalanje, katapendekera kumbuyo.

Ndinaizindikira pompo. Msoko umenewo unali wanga.

"Monire, amama," anatero Mama, mawu ali phee. "Mwanayu ndi wa ndani?"

"Mdzukulu wane. Amake ali m'nyumba, bala la opaleshoni likuwavuta."

"Kuchipatala sanakuuzeni kuti azikhala pachifuwa?"

"Anauza mpongozi wangayo. Koma ine ndabereka ana asanu ndi anayi pamsana uwu, onse ali moyo. Mbereko malo ake ndi kumsana. Mwana wanga wagula yodula, yofewa chomene, ndiye ndikanize mdzukulu?"

Kapepala kaja anali atakaona, ndithu. Anati zithunzizo anaziyesa zachizungu, zongokometsera malonda. Gogoyo sanali woipa kapena wopusa. Ankachita chimene manja ake anachidziwa chiyambire utsikana, ndipo ankachichita ndi chikondi.

Ndinkadikira kuti Chitonga chija chiyambe. Sichinayambe. Mama analowetsa dzanja m'nsalu, nagwira kaphazi, kenako kamimba. Nkhope yawo inasintha. Anapempha mwaulemu kuti amunyamuleko. Pompo, kuseri kwa kanyumba ka mpopi, anamasula mabatani a bulawuzi yawo yosita bwino ija, anavula khandalo zonyowa zonse, analiika pakhungu pawo, namanga nsalu ija mmene iyenera kumangidwira, n'kufunda juzi la gogoyo pamwamba. Kenako anandiyang'ana koyamba.

"Iwe, galimoto. Thamanga."

Sanandiitanepo kuti iwe chiyambire. Ndinathamanga ngati mwana wa sukulu. Tinatenga mayi wa mwanayo, mtsikana wotchedwa NyaJere, n'kupita kuchipatala, khanda lili pachifuwa cha Mama njira yonse. Linali litazizira kwambiri ndipo linali litasiya kuyamwa bwino. Anamwino anati tikanachedwa tsiku lina, nkhani ikanakhala ina. Linachira.

Pobwerera sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa. Anangofunsa kuti masitolo ake ndi ati. Masana omwewo tinayamba kuyenda sitolo ndi sitolo, kutenga nsalu zathu zonse zotsala, ndi kufunsa za amene anagula kale kuti tiwalondole. Ena tinawapeza, ndipo awiri mwa iwo anali akubereka kumsana ngati gogo uja. Ena sitinawapeze mpaka lero, ndipo ndimawaganizirabe.

Kunali kutatsala masabata awiri kuti tiime pamaso pa oweruza. A Gondwe atamva, anafika pashopu thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira.

"Mama, mwaphwanya zonse! Oweruza akufuna kuona chinthu chikukula. Tikawaonetsa chiyani? Kuti tinagulitsa n'kukalandanso? Mwayi uwu ukapita, nsalu iyi ithera mu Zolozolo muno."

"Ithere muno, kusiyana n'kuti ikaphe mwana ku Karonga dzina langa lili pamenepo."

"Ndiye tisiye?"

"Ndani wanena zosiya? Inu mwaphunzira, adada. Munati chotchinga ndine, ndipo munanena zoona. Ndipezereni njira yoti ndichuluke."

A Gondwe anakhala pansi, navula magalasi. Kenako anapempha pepala. Masabata awiri amenewo awiriwa sanasiyane, akukangana, akufufuta, akulembanso. Pakatikati Mama ankazemba kupita ku Chiputula ndi Wongani. Ndinkayesa akukaona khanda. Ayi, ankakaphunzitsa gogo uja.

Tsiku la oweruza holo ya ku Luwinga inadzaza. Kutsogolo kunakhala oweruza asanu, pakati pawo wapampando, bambo wamkulu thupi wochokera ku Lilongwe, wa suti yakuda ndi tayi wofiira, amene ankati anaphunzira kunja. Pambali panali mtsikana wa belu wowerenga mphindi. Achinyamata anayankhula bwino, zithunzi zikusinthana pakhoma. Ife tinali achisanu ndi chiwiri. Ine ndinali ndi mantha, chifukwa mzere wathu wokwera phiri uja unali utafufutidwa, ndipo sindinkadziwa chimene Mama akonza.

Mama anakwera pansanja atavala suti yawo ya buluu, chikwama m'manja. Anauza wa makina kuti azimitse zithunzi. Kenako analoza wapampando.

"Adada, ndithandizeni. Bwerani kuno."

Bamboyo anaseka, nabwera. Mama anamupatsa pulasitiki ya nsalu, kapepala kali momwemo, n'kumupatsanso Wongani ndi manja awiri.

"Uyu ndi mwana wanu, wabadwa masiku asanakwane, kulemera kwake n'komweku. Akazi anu akudwala. Nsalu mwagula kusitolo. Kunja kukuzizira. Chitani."

Wapampando anatsegula, anaponya diso pakapepala, nakaika patebulo. "Amayi, ine ndine woyamba kubadwa," anatero monyadira. "Azing'ono anga onse ndinalera ndine." Anawerama, anaponya Wongani kumsana pamwamba pa jekete mwaluso lake, anakoka nsalu, namanga pachifuwa mfundo yolimba, n'kudzigwedeza pang'ono ngati akutonthoza mwana. Anachita bwino zedi, moti holo yonse inaomba m'manja, ena akuimba mluzu. Ngakhale oweruza anzake anaomba.

Mama anadikira mpaka phokoso litatha.

"Mwaomba m'manja mwana akufa," anatero.

Anthu anayang'anana. Ndinamva mpando wa munthu ukulira kumbuyo kwenikweni.

"Adada awa ndi ophunzira kuposa tonse muno. Chizungu amawerenga, Chichewa amawerenga. Pepala analiona. Koma manja awo anapita kumene manja a amayi awo ankapita. Nonsenu munaona kuti zili bwino, chifukwa nanunso munakulira kumsana. Ine ndinapeza mwana weniweni atamangidwa chonchi ku Chiputula, pa nsalu yanga, atazizira ngati mwala. Ndiye ndinakachotsa nsalu zanga m'masitolo monse. Tsopano, adada, vulani jekete."

Anavula.

"Tayi."

Anamasula.

"Mabatani. Musachite manyazi, ndaona zifuwa zambiri kuposa chanu."

Holo inaphulika ndi kuseka, koma bamboyo sanaseke. Anamasula mabatani, ndipo Mama anamugwira manja n'kumutsogolera: miyendo m'kathumba, mutu kumbali, lamba m'munsi mwa khutu, mfundo m'nthiti. Anamasula, namuuza kuti amange yekha. Belu linalira. Mtsikana uja analiza kachiwiri. Wapampando, Wongani ali pachifuwa, anakweza dzanja nati, "Asiyeni amalize."

Mama anakodola kumbuyo. Anaimirira NyaJere, khanda lake lili pachifuwa m'nsalu ya ulusi wofiira, tsaya litayamba kudzaza. Pambali pake anaimirira apongozi ake, gogo wa pampopi uja, atavala chitenje chatsopano.

"Amama, auzeni," anatero Mama.

"Ine ndinatsala pang'ono kupha mdzukulu wane ndi chikondi," anatero gogoyo mosaopa maiki. "Pepala silinandiuze kanthu. Anandiuza ndi mama awa, atandigwira manja. Pano m'dera lathu mwana wotere akabadwa aziitana ine. Azigogo anzanga sangamvere mtsikana wa yunifolomu, koma ine amandimvera, chifukwa nanenso ndabereka asanu ndi anayi."

"Mwamva," anatero Mama kwa oweruza. "Makina osoka tili nawo. Chimene ndikupempha kuti muchulukitse ndi manja. Boma lililonse tipeze amayi ndi azigogo amene analerapo mwana wotere, tiwaphunzitse, tiwalumikize ndi chipatala cha kwawo, nsalu izidutsa mwa iwo, nawonso azipezapo kangachepe. Tiyenda pang'onopang'ono kuposa mmene mukufunira. Koma nsalu yanga siyenda yokha. Zotsalazo akuuzani a Gondwe, ndi amene amadziwa masamu."

Chimene sindidzaiwala n'chakuti wapampando anabwerera pampando wake Wongani akadali pachifuwa. Kaya anaiwala, kaya anachita dala. Anamvetsera achinyamata atatu otsala ali choncho, dzanja limodzi litachirikiza kamutu ka shuga. Anakalowa naye m'chipinda chokambirana. Potuluka ndi pamene anamasula, nabwezera Mama ndi manja awiri. Mama anatembenuka n'kundigunditsa Wongani patsaya. Anali wofunda.

"Mwamva, aNachisale? Mankhwala ake ndi amenewo."

Atatchula dzina lathu pakati pa opambana, ine ndinalira, a Gondwe anakumbatira mlonda wa pageti amene anangolowa kudzaonerera, ndipo gogo wa ku Chiputula analuluta mpaka maiki inalira. Mama anaimirira mwaulemu, anakonza kolala, nati, "Yewu ukongwa." Kenako ulemu unawathera. Anaponya chikwama pampando n'kuvina chilimika pamaso pa oweruza, achinyamata a malaputopu aja akuwaombera m'manja mozungulira.

Anakhala ndi moyo zaka ziwiri ndi miyezi kuchokera tsiku limenelo, zokwanira kuphunzitsa okha magulu oyamba a ku Rumphi ndi ku Nkhata Bay. Ankabwerako atatopa, mapazi atatupa, koma nkhani zili m'kamwa mpaka pakhomo. Atayamba kufooka, chikwama chija anachipereka kwa NyaJere, amene lero ndiye mphunzitsi wa aphunzitsi. Ndiye amene wanditumizira chithunzi cha ku Chitipa. A Gondwe amabwerabe, ndipo ndamva kuti akamalangiza magulu atsopano amayamba ndi funso loti chinthu chanucho chikafika kwa gogo, manja ake adzachita nacho chiyani.

Lachiwiri lapitali kunabwera bambo wina, njinga yamoto ikulira panja, chipewa chili kumutu. Anati mkazi wake watulutsidwa kuchipatala ndi kamwana kochepa, ndipo kumanga anaphunzira kale, ndingomupatsa nsalu azipita. Ntchito inali yambiri, ndipo dzanja langa linali litafika kale pashelefu. Kenako ndinayang'ana pakhomo. Ndinatuma mnzanga kukagula shuga paokala, paketi ziwiri, ina tinaigawa pakati.

"Adada," ndinatero, "zimitsani njinga. Vulani shati."

Mpando uja ukadali pakhomo penipeni, mwendo umodzi utachirikizidwa ndi kachidutswa ka katoni ya patani. Palibe amakhalapo. Mlendo akafuna kukhala timamupatsa wina, ndipo tonse timapendekekabe podutsa, ngakhale kuusuntha sikungatenge mphindi. Pamsomali pamene ankakolekapo chikwama palibe kanthu, poti Wongani ali paulendo. Pansi pa mpandopo simenti inasalala pamene nsapato zowala zija zinkaponda. Aliyense wofuna kutuluka ndi nsalu amayamba waima pamenepo, kutsogolo kwa mpando wopanda munthu, n'kumanga katatu.